Rabi amene adakwera pansanja ndi gitala

Tikamva dzina lakuti rabi, ambirife maganizo athu amathamangira m'mabuku a Uthenga Wabwino, mmene ophunzira ndi Nikodemo ankatchula Ambuye Yesu ndi ulemu umenewu. M'maso mwathu mumabwera munthu wandevu, wovala zakuda, wowerama pa mipukutu ya Chilamulo cha Mose. N'kovuta kuganiza za munthu wotereyu ataima pansanja, gitala ali pachifuwa, thukuta lili kamukamu, kutsogolo kwake kuli achinyamata a tsitsi lalitali amene makolo awo adawataya kalekale. Koma zimenezi zidachitikadi. M'chaka cha 1966, pa chikondwerero cha zoimbaimba cha mumzinda wa Berkeley ku California, pamndandanda wa oimba padali Pete Seeger, padali gulu la nyimbo za rock la Jefferson Airplane, ndipo padalinso rabi wa zaka 41, a Shlomo Carlebach, amene adathawa Hitler ali mnyamata.

Mbiri ya bambo amenewa ili ndi mbali yokoma, ilinso ndi mbali yowawa. Tikufuna tiyang'ane zonse ziwiri, pakuti mafunso amene iwo adasiyira Ayuda sakusiyana kwenikweni ndi amene akusautsa mipingo yathu.

A Carlebach adabadwira mumzinda wa Berlin ku Germany pa 14 Januwale 1925, ndipo adabadwa mapasa ndi mbale wawo Eli Chaim. Urabi udali wa m'magazi. Agogo awo adali rabi ku Lübeck, bambo awo, a Naftali Carlebach, adali rabi, ndipo bambo awo aakulu, a Joseph Carlebach, adali rabi wamkulu ku Hamburg. Mu 1931 banjali lidasamukira ku Baden, pafupi ndi Vienna m'dziko la Austria, koma chipani cha Nazi chitameza dzikolo mu 1938 lidathawanso, kudzera ku Lithuania, mpaka kukafika ku New York mu 1939. Bambo aakulu aja adatsala ndi nkhosa zawo. Mu 1942 adaphedwa m'nkhalango pafupi ndi mzinda wa Riga, pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo aakazi atatu. Pamene nkhondo inkatha mu 1945, Ayuda pafupifupi 6 miliyoni adali ataphedwa, ndipo sukulu zikuluzikulu za chipembedzo chawo ku Ulaya zidali zitasanduka phulusa.

Tiyenera kukumbukira zimenezi kuti timvetse chifukwa chake gitala wa a Carlebach adapweteka anthu ambiri mumtima. Mnyamatayu adaphunzira pa sukulu ya Lakewood ku New Jersey, pansi pa Rabi Aharon Kotler, mmodzi mwa akatswiri a Talmud amene adapulumuka ku Ulaya. Talmud ndi mabuku akuluakulu a mikangano ndi matanthauzo a arabi akale pa Chilamulo, ndipo munthu amatha moyo wake wonse akuwaphunzira osawamaliza. Shlomo adali mmodzi mwa ophunzira anzeru kwambiri pasukulupo. Aphunzitsi ake ankaona mwa iye mbewu yotsala m'nkhokwe yopsa, munthu amene adzalowe m'malo mwa anamandwa amene adaphedwa. Ndiye taganizani mmene adamvera atamva kuti mbewu ija yanyamula gitala n'kulowera kumalo achisangalalo.

Chidamuchotsa ku Lakewood si nyimbo zachikunja ayi. Adakopeka ndi gulu lina la Ayuda lotchedwa Hasidim, limene lidayamba kum'mawa kwa Ulaya m'zaka za m'ma 1700. Gululi limaphunzitsa kuti Mulungu satumikiridwa ndi mutu wokha: mlimi wosaphunzira amene akuimba ndi kuvina ndi mtima wonse ali pafupi ndi Mlengi monga katswiri wa mabuku. Iwo ali ndi mtundu wa nyimbo wotchedwa niggun, nyimbo imene nthawi zambiri ilibe mawu, imangong'ung'udzidwa mobwerezabwereza mpaka oimbawo ataiwala za njala ndi ngongole. A Carlebach adakhala wotsatira wa Rabi Yosef Yitzchak Schneersohn, mtsogoleri wa nthambi ya Lubavitch ku Brooklyn, ndipo mu 1949 mtsogoleriyu adawatuma, pamodzi ndi mnzawo Zalman Schachter, kuti akafunefune achinyamata a Chiyuda m'mayunivesite a ku America.

Zimene adakapeza kumeneko n'zimene abusa athu ambiri amazidziwa bwino. Achinyamatawo sankadana ndi Mulungu. Ankangoona kuti ku sunagoge kulibe chawo. Mapemphero adali m'Chihebri chimene sankachimva, makolo awo adali ndi chisoni chimene sankachitchula, ndipo rabi akayamba kulankhula iwo ankayang'ana pawotchi. A Carlebach adazindikira kuti akaphunzitsa, pamatsala anthu owerengeka, koma akayamba kuimba, ngakhale odutsa m'njira amaima. Adaphunzira kukhwacha gitala ali wamkulu kale, ndipo mpaka imfa yawo sadadziwe kuwerenga manotsi a nyimbo. Nyimbo zawo zidali zosavuta: vesi limodzi la m'Masalimo kapena la mneneri Yesaya, kapenanso mzere umodzi wa m'buku la mapemphero, n'kuliika pa kaimbidwe kamene mwana angakagwire atangokamva kawiri. Salimo 121, lija la munthu wokweza maso ake kumapiri, ndi limodzi mwa amene adawapatsa kaimbidwe katsopano kamene kadafala kwambiri.

Apa mpamene mkangano udabuka. Pa mwambo wa Ayuda osunga Chilamulo mosamalitsa, amuna ndi akazi sakhala pamodzi popemphera, ndipo mwamuna sakhudza mkazi amene sali wake, ngakhale kupatsana moni wa m'manja. A Carlebach adaona kuti akalekanitsa anyamata ndi atsikana, onse amathawa. Adasankha kuwasiya akhale pamodzi, aimbe pamodzi, ndipo iwo eni adatchuka ndi kukumbatira aliyense amene adakumana naye. Atsogoleri a Lubavitch sadathe kuvomereza zimenezi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 njira zawo zidapatukana. Nkhani ya kukumbatirayi tiisunge pambali. Tibwereranso kwa iyo.

Chimbale chawo choyamba, Haneshama Lach, chidatuluka mu 1959. Posakhalitsa adayamba kuimba m'malo achisangalalo a ku Greenwich Village, dera la New York kumene oimba ngati Bob Dylan ankaphukira, ndipo chimbale china adachijambulira pamalo otchedwa Village Gate. Mu 1965 adapeka nyimbo ya Am Yisrael Chai, imene dzina lake limanena kuti mtundu wa Israeli ukadali moyo. Adaipekera ophunzira amene ankachita zionetsero zomenyera ufulu wa Ayuda oponderezedwa ku Soviet Union, ndipo lero imaimbidwa ndi Ayuda padziko lonse, ambiri osadziwa n'komwe amene adaipeka.

Ulendo wa ku Berkeley uja ndiwo udatembenuza zinthu. Kumeneko, ndi ku San Francisco tsidya lina la nyanja, kudali kutasonkhana achinyamata zikwizikwi otchedwa ma hippie, othawa kwawo, odana ndi nkhondo ya ku Vietnam, ofunafuna tanthauzo la moyo m'zipembedzo za ku India ndi m'mankhwala ozunguza bongo. M'chinenero chathu mawu akuti chamba ali ndi matanthauzo awiri, mtundu wa nyimbo ndi fodya wamkulu uja. Ku San Francisco kwa masiku amenewo matanthauzo onse awiri ankayendera limodzi. Pakati pa achinyamatawa padali ana a Ayuda ambirimbiri. Arabi ena adawawerenga ngati otayika, koma a Carlebach adawatcha opemphapempha oyera, kunena kuti njala yawo idali ya Mulungu ngakhale ankaifunira chakudya kudzala. Mu 1968 otsatira awo adatsekula nyumba mumzindamo yotchedwa House of Love and Prayer, kutanthauza nyumba ya chikondi ndi pemphero. Aliyense ankalowa, wosamba ndi wosasamba yemwe. Lachisanu madzulo ankalandira Sabata ndi nyimbo ndi magule mpaka usiku. Ena mwa amene adalowa m'nyumbayi opanda nsapato adadzakhala arabi ndi aphunzitsi a Chilamulo, ndipo ena adasamukira ku Israel m'zaka za m'ma 1970 n'kukakhazikika pamudzi wa Mevo Modi'im.

Mkhristu amene amawerenga Baibulo lake sangalephere kumva kanthu apa. Pa Marko 2 alembi a gulu la Afarisi adafunsa ophunzira chifukwa chimene Mphunzitsi wawo ankadyera pamodzi ndi okhometsa msonkho ndi ochimwa, ndipo yankho lidali lakuti sing'anga amafunika kwa odwala. Pa Luka 15 mbusa asiya nkhosa 99 kukalondola imodzi. Sitikunena kuti a Carlebach adali Mkhristu. Adali Myuda mpaka kumanda, ndipo sitiyenera kuwabatiza ndi cholembera chathu. Tikungoona kuti rabi wina, zaka pafupifupi 1,900 pambuyo pa Rabi wa ku Nazarete, adakumana ndi chitonzo chofanana pa chifukwa chofanana. Ndipo chitonzocho n'chakale kuposa pamenepo. Pa 2 Samueli 6, Davide atavina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa Bokosi la Chipangano, Mikala mwana wa Sauli adamuona pazenera n'kumupeputsa mumtima. Mikala sadali mkazi wopusa. Adakulira m'nyumba yachifumu, ankadziwa mmene mfumu iyenera kuyendera. Chimene sadachione n'chakuti tsiku limenelo ulemu wa mfumu sudali nkhani yaikulu.

Ifenso tili nawo a Mikala athu, ndipo nthawi zina ndife tomwe. Akuluakulu akukumbukira nthawi imene ng'oma inkaonedwa ngati chida cha Satana chosayenera kuyandikira guwa, ndi nthawi imene mnyamata wobwera ndi gitala kutchalitchi ankaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo. Lero nkhondo yasamukira ku ma kiyibodi, zokuzira mawu ndi kavinidwe ka makwaya. Ena mwa madandaulo a akuluakulu ndi oona, pakuti si phokoso lililonse limene lili kupembedza. Komabe tikamatseka chitseko, ndi bwino tizisuzumira panja kuti tione amene tamutsekera. Kawirikawiri amakhala mwana wathu yemwe.

A Carlebach adalipira mtengo wake. Sukulu zambiri za arabi zidawatsekera zitseko, ndipo anthu amene ankaimba nyimbo zawo pamaukwati ankachita manyazi kutchula dzina lawo. Bambo awo atamwalira mu 1967, iwo ndi mbale wawo uja adatenga utsogoleri wa sunagoge wamng'ono wa pa West 79th Street ku Manhattan, koma nthawi yambiri ankakhala ali m'ndege, kupita kukaimba m'maholo, m'ndende ndi m'zipatala. Mu 1989 adakaimba ku Poland, dziko limene nthaka yake idamwa magazi a Ayuda mamiliyoni, ndipo adapereka moni ndi kukumbatira anthu a kumeneko, chinthu chimene Ayuda ena opulumuka sadachimvetse. Ndalama sizinkakhalitsa m'thumba mwawo. Opemphapempha a m'misewu ya New York ankawadziwa ndi dzina. Adamwalira ndi nthenda ya mtima pa 20 Okotobala 1994, ali m'ndege pa bwalo la LaGuardia ku New York, ali ndi zaka 69, ndipo sadasiye chuma. Adaikidwa ku Jerusalem, pa manda a Har HaMenuchot. Pamalirowo Rabi Yisrael Meir Lau, amene panthawiyo adali rabi wamkulu wa dziko la Israel, adapepesa poyera kuti malemuwo sadapatsidwe ulemu wowayenera ali moyo.

Imfa idachita zimene moyo udalephera. Masunagoge amene adawakana adayamba kuimba nyimbo zawo, ndipo padabadwa mapemphero a Lachisanu madzulo otchedwa ndi dzina lawo, amene afalikira ku Israel, ku America ndi kwina. Chodabwitsa n'chakuti gitala uja salowa nawo. Ayuda osunga mwambo saliza zoimbira pa Sabata, kotero nyimbo zimene zidabadwira pa zingwe za gitala zimaimbidwa ndi pakamwa pokha, kuwomba m'manja ndi kugunda pansi ndi mapazi. Njira imene adailambula idadutsamo ena: gulu la Diaspora Yeshiva Band, limene lidasakaniza rock ndi mawu a m'mapemphero ku Jerusalem m'zaka za m'ma 1970, ndiponso Matisyahu, amene chapakati pa zaka za m'ma 2000 adagwedeza America akuimba reggae atavala ngati Hasid.

Tikadakonda nkhaniyi ikadathera pamenepa. Koma mu 1998, patatha zaka zoposa zitatu chimwalirireni, magazini ya amayi a Chiyuda ya ku America yotchedwa Lilith idasindikiza nkhani yolembedwa ndi Sarah Blustain, mmene amayi angapo adafotokoza kuti a Carlebach adawagwiragwira mosayenera popanda chilolezo chawo, ndi kuwaimbira mafoni osayenera pakati pa usiku. Ena adati izi zidawachitikira akadali atsikana achichepere. Mwini wake adali atagona kale, sakadatha kuyankha, ndipo milanduyi sidafike kubwalo lililonse. Otsatira awo ambiri adakwiya, nati si bwino kuneneza munthu wakufa. Koma maumboni sadaleke kubwera, ndipo mu 2017, amayi padziko lonse atayamba kuulula za nkhanza zotere, nkhaniyi idadzukanso ndi mphamvu.

Tibwerere tsopano ku kukumbatira kuja. Mpanda umene a Carlebach adaugwetsa kuti otayika alowe ndi womwewo umene ukadatchinjiriza atsikana aja. Apa mpamene nkhaniyi ikutivuta, ndipo sitikufuna kuithawa ndi yankho lofulumira. Sitinganene kuti aphunzitsi a ku Lakewood adalondola pa zonse, pakuti akadawamvera, anthu ambirimbiri sakadabwerera ku chikhulupiriro cha makolo awo. Ndiponso mipanda yokha siiletsa tchimo. Nkhanza zotere zapezeka ngakhale m'magulu okhwimitsa malamulo kwambiri, a Chiyuda ndi a Chikhristu omwe. Koma sitinganenenso kuti mantha awo adali opanda pake. Munthu amene watuluka pansi pa ulamuliro wa aliyense, amene amagona mumzinda wina usiku uliwonse, wozunguliridwa ndi achinyamata osweka mtima omuona ngati mngelo, ali pamalo oterera kwambiri. Akagwa, sagwa yekha, ndipo amene amaphwanyika kwambiri ndi amene adali pansi pake.

Mtumwi Paulo ankaidziwa ngozi imeneyi. Timakonda kutchula 1 Akorinto 9, pamene akufotokoza kuti adasanduka zonse kwa anthu onse, Myuda kwa Ayuda ndi wofooka kwa ofooka, kuti apulumutseko ena. Alaliki a m'misika ndi oimba nyimbo zauzimu amaikonda ndimeyi, ndipo ali ndi chifukwa. Koma mutu womwewo umatha ndi Paulo akunena za kulanga thupi lake ndi kuligonjetsa, kuopa kuti atalalikira ena iye mwini angakhale wotayika. Mavesi awiriwa adalembedwa ndi dzanja limodzi, pa tsamba limodzi. Ife timaloweza loyambalo n'kusiya lachiwirilo.

Ndipo Davide wovina uja ndi yemweyo wa pa 2 Samueli 11, amene adatuma anthu kukatenga Bateseba n'kuphetsa Uriya. Chimene chimatigwira mtima ndi mmene Malembo adachitira ndi munthu ameneyu. Sadataye Masalimo ake, koma sadabisenso mlandu wake. Mawu a pamwamba pa Salimo 51 amatchula tchimolo poyera, kotero aliyense woimba salimoli amayamba wakumbutsidwa chimene woimbayo adachita. Mateyu, polemba mndandanda wa makolo a Yesu, atafika pa Solomo sadalole kuti dzina la Uriya lifafanizike. Koma pali kusiyana kumene sitiyenera kukulumpha. Davide adakumana ndi Natani akadali moyo, adamva mlandu wake ndi makutu ake, ndipo adavomera. Amayi a nkhani ya a Carlebach sadamve kuvomera kotero pagulu. Iwo akufanana kwambiri ndi Tamara wa pa 2 Samueli 13, amene mlongo wake Abisalomu adamuuza kuti akhale chete, bambo ake adapsa mtima koma osachitapo kanthu, ndipo adatsala wosweka m'nyumba ya mlongo wakeyo.

Ndani mwa ife sadamvepo za mtsikana wa m'kwaya amene adauzidwa kuti asaipitse dzina la munthu wa Mulungu? Timati tikuteteza ntchito ya Ambuye, chonsecho tikuteteza mawu okoma amene amadzaza tchalitchi ndi mbale ya chopereka. Mphatso ya munthu timaiyesa umboni wa chiyero chake, pamene Baibulo silidalonjeze zimenezo paliponse. Sauli adanenera pakati pa aneneri. Samisoni adali ndi mphamvu zochokera kumwamba usiku womwe ankachokera kwa mkazi wadama ku Gaza. Kuti nyimbo ya munthu yatigwetsa misozi n'kutibwezera kwa Mulungu n'zoona ndithu, ndipo sitiyenera kuzikana; koma zimenezo sizitiuza chimene munthuyo amachita chitseko chikatsekedwa.

Mwa onse amene adalankhulapo, amene adasenza katundu wolemera ndi mwana wawo wamkazi, Neshama Carlebach, amenenso ndi woimba ndipo adakhala zaka zambiri akuimba nyimbo za bambo ake. Mu Januwale 2018 adalemba kalata yapoyera kwa amayi aja. Sadawatsutse. Adawauza kuti akuwamva ndipo akulira nawo, adavomera kuti bambo ake adapweteka anthu ena, nanenanso kuti sangaleke kuwakonda kapena kuvomera kuti moyo wawo wonse udali zolakwa zokhazokha. Ena adati wanyoza bambo ake. Ena adati sadanene zokwanira.

Masunagoge nawo adagawikana. Central Synagogue ya ku New York, motsogozedwa ndi Rabi Angela Buchdahl, idaimitsa nyimbo za a Carlebach kwa chaka chimodzi mu 2018, kuti amene adapwetekedwa aone kuti amvedwa. Ena adasankha kupitiriza kuimba koma osatchulanso dzina la wopeka kapena kusimba nthano zomutamanda. Ena adati mawu a nyimbozo ndi a Davide ndi Yesaya, kaimbidweko kadasanduka ka mpingo wonse, ndipo palibe chifukwa chowalanda ana. Kuzichotsa kotheratu kudapezeka kuti n'kovuta kuposa mmene ambiri ankaganizira, chifukwa nyimbo zina zidalowerera kwambiri mwakuti otsogolera mapemphero ankaziyesa za makedzana, zochokera kwa makolo a ku Ulaya, osadziwa kuti adazipeka ndi rabi wa gitala uja. M'masunagoge ena adachita kukhala pansi ndi mndandanda, kufufuza nyimbo imodziimodzi kuti adziwe mwini wake.